Tepi ya pa Phwando la Bambo Kwock

Mlongo wanga Efren ndi munthu wabwino, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ine Chelo ndinamulera mayi athu atamwalira, choncho ndili ndi ufulu wonena kuti mafilimu akale anamudya mutu. Shopu yathu yobwereketsa matepi a kanema ili ku Lincoln Heights, kungowoloka mlatho kuchoka ku Chinatown, ndipo mu 1988 aliyense ankafuna mafilimu a mfuti ndi magalimoto ophulika. Efren yekha ndi amene anadzaza shelefu yathunthu ndi mafilimu opanda utoto a Conrad Bly, tekitivi wa chipewa chopendeka amene ankagwira zigawenga ku Hollywood mayi athu akadali namwali. Matepiwo anali atangotuluka kumene, ndipo ankangodya fumbi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawabwereka, Lorraine Kwock. Anabwereka imodzi, nabwera kudzatsutsana ndi Efren kuti wakupha uja ankaonekeratu kuyambira pachiyambi. Anabwereka yachiwiri. Pofika yachitatu anasiya kupita nazo kwawo, ankaonera limodzi m'kachipinda kakumbuyo, ine ndili pa kauntala ngati mlonda wosalipidwa.

M'mafilimu onsewo Bly anali ndi wantchito wa m'nyumba, Mtchaina wotchedwa Ting-Ting, wa mano oikirira otulukira kunja ndi kamalaya koyera. Ankayenda timasitepe ting'onoting'ono, manja atapinda pachifuwa, akuwerama kwa aliyense ngakhale kwa mtembo. Filimu iliyonse inkatha mofanana: Bly akaulula wakupha, ankatembenuka n'kumumenya Ting-Ting theche kumbuyo, iye n'kugubuduzika, n'kudzuka akuseka. Lorraine ankadziwa kutsanzira kayendedweko mpaka Efren ankalira ndi kuseka. Ndinamufunsa mtsikanayo tsiku lina ngati sizimupweteka. Anati ali mwana anzake kusukulu ankamuyendera choncho pomunyoza, ndiye tsopano bola aziyenda yekha, aziseka yekha.

Bambo ake, a Wellington Kwock, sankafuna kumva dzina la Efren. Anali mkulu wa bungwe la fuko lawo, munthu wovala suti ngakhale Loweruka, wolankhula Chingerezi chosalala kuposa cha pa wailesi. Iwo ankangomutchula mlongo wanga kuti uja wa matepi. Mkamwini anali atamusankha kale, Clifton Moy, dokotala wa mano, mwana wa mnzawo wakale. Lorraine analimbana nawo miyezi yambiri, kulira, kusadya, kutseka zitseko mwamphamvu, mpaka bambowo anafewa pang'ono. Anati pa phwando lawo lokwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, uja wa matepi abwere amuone ndi maso awo. Mwayi unali umodzi womwewo, ndipo tonse tinkadziwa kuti wachiwiri sudzakhalapo.

* * *

Clifton anabwera ku shopu masana ena Lorraine ali m'kachipinda kakumbuyo. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo anaima nthawi ndithu akuyang'ana mtsikanayo akuyenda timasitepe take, Efren akuwomba m'manja. Sanalowe. Anandimwetulira ndi mano ake oyera ngati mbale za m'sitolo, nati adzabweranso.

Anabweradi mawa lake, Lorraine kulibe. Anagwira Efren chanza ndi manja awiri, nati iye wagonja, mtima wa mkazi sukakamizidwa, ndipo akufuna athandize kuti zinthu ziyende bwino. Ine ndinali kupukuta kauntala yoyera kale.

"Mphatso mwaganiza kale, achimwene?"

Efren anati akadaganizabe.

Clifton anapita pa shelefu ya Bly, nasolola tepi imodzi, naika chala pansi penipeni pa bokosi, pamene panalembedwa maina ang'onoang'ono. "Sammy Low uyu, amene amasewera Ting-Ting. Mukumudziwa?"

"Palibe amamudziwa. Anangosowa nkhondo itatha."

"Sanasowe. Amagulitsa inshuwalansi pa Broadway. Ndi apongozi anu a mawa."

Efren anathamangira ku deki, makina oonetsera matepi, naimitsa chithunzi pamene Ting-Ting akuyang'ana cham'mbali. Anachiyang'ana mpaka maso anadzaza misozi. Makutu anali omwewo, chipumi chomwecho. Clifton anati mayi ake ndi amene anamuuza, ndipo mkuluyo ndi wodzichepetsa, sadzitama, ngakhale ana ake sadziwa. Anati zaka zonsezi palibe anamuthokozapo pa luso lake.

Atangotuluka ndinamuuza Efren kuti munthu amene akufuna mkazi wako sakubweretsera mphatso. Ndinamufunsanso kuti ngati ndi ulemu, bwanji mwiniwake anaubisa kwa ana ake? Anandiyang'ana ngati ndalankhula zamwano m'tchalitchi.

"Achemwali, inu simumvetsa. Munthu ameneyu anasewera ku Hollywood. Kagwedwe kake kaja si ka aliyense, ndi luso lenileni. Ndani angachite manyazi ndi zimenezo?"

Umu ndi mmene alili anthu okonda mafilimu. Kwa iwo kuoneka pa kanema ndi kumwamba, ngakhale uoneke akukupondaponda.

* * *

Ndinamuumiriza kuti amuuze Lorraine. Anakana, nati akufuna adzaone nkhope yake tsikulo, akadzadziwa kuti bambo ake ndi katswiri. Anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa. Ndinamuuza kuti sindilumbira, koma nkhani si yanga, azionera yekha.

Lorraine ankabwerabe masana. Anayendabe kayendedwe ka Ting-Ting kawiri kapena katatu m'masabata amenewo, ndipo Efren ankaseka kuposa kale, kuseka kwa munthu wosunga chinsinsi chokoma. Ine ndinkatulukira panja.

Madzulo mtsikanayo ankasiya mauthenga pa makina a foni ya ku shopu, mawu ake odzaza mantha komanso chimwemwe. Usabweretse wotchi, kwathu wotchi ndi ya maliro. Usabweretse mpeni kapena chilichonse chodula. Pepala lokutira likhale lofiira, osati loyera. Popereka ugwire ndi manja awiri. Ukathira tiyi, uyambe ndi akuluakulu, iwe umalizire. Ubwere ndi achemwali ako, kwathu mwamuna wobwera yekha amaoneka ngati alibe kwawo. Uthenga wina unangoti: "Efren, akakukonda Lamlungu, basi tapambana. Ndikukukonda, wamva?"

Anamvera zonse, mlongo wanga. Anayeserera kuthira tiyi kukhitchini mpaka nsalu yanga ya patebulo inathimbirira. Anagula pepala lofiira la maluwa agolide. Tepiyo anaizunguza bwinobwino kuti ikangolowa mu deki, iyambire pamene iye ankati Sammy Low anaonetsa luso lake lonse.

* * *

Phwando linali Lamlungu masana, m'chipinda chapamwamba cha lesitilanti ina ku Chinatown. Matebulo ozungulira anadzaza, azakhali a ndolo zobiriwira, amuna okalamba a bungwe, ana othamangathamanga. Pakona panali TV yaikulu pa tebulo lamatayala, yoonetsera moni wa abale a ku Hong Kong.

Ndinene zoona, Efren anachita bwino. Anathira tiyi osataya. Anadya zakudya zazitali ngati zingwe, zoimira moyo wautali, osazidula, monga Lorraine anamuuzira. Atapereka mphatso ndi manja awiri, bambo Kwock anailandira ndi manja awiri, namuyang'ana m'maso, nati zikomo mnyamata. Anaiika pambali pamodzi ndi zina, chifukwa kwawo mphatso satsegula pamaso pa woipereka. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati mwambo watipulumutsa, akakaitsegula kunyumba ali okha, akaitaya m'bini, nkhani ithere pomwepo. Lorraine anali kumwetulira ngati mkwatibwi.

Koma Clifton anaimirira, nagogoda galasi ndi supuni. Anati mlendo wathu wabweretsa mphatso yosayenera kubisidwa, ndipo apempha chilolezo chophwanya mwambo kamodzi kokha. Sanadikire chilolezocho. Anang'amba pepala lofiira, nalowetsa tepi mu deki. Efren anafuna kulankhula, koma Clifton anamugwira paphewa, nati filimu iyambe yalankhula yokha.

Lorraine anali atapita kukhitchini kukatenga mbale ya mabanzi a tsiku lobadwa, aja amawaumba ngati mapichesi. Anatulukira Ting-Ting ali pa kanema, akuyenda timasitepe take ndi thireyi m'manja. Ana anali atayamba kale kuseka. Anyamata ndi atsikana nawonso. Mtsikanayo anayang'ana Efren, napukusa mutu akumwetulira, poganiza kuti ndi nthabwala yawo ya awiri imene chibwenzi chake chapusa nayo n'kubwera nayo pagulu.

"Lorraine," anatero Clifton mokweza, "ndinamva kuti iwe umamuposa ameneyu. Tationetsa."

Ana anakuwa kuti ationetse, ationetse. Iye anakana kamodzi, naseka, kenako anapinda mapewa. Anayenda timasitepe tija kudutsa pakati pa matebulo, mbale ili m'manja, mano atatulutsa, mpaka anafika pamaso pa bambo ake, nawerama mpaka pansi. Pa kanema Bly anaponya theche, Ting-Ting nagubuduzika. Achinyamata anafa nako kuseka.

Ine ndinkayang'ana okalamba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaseka. Onse maso anali m'mbale zawo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti onsewo ankadziwa, ndipo anasunga pakamwa zaka makumi anayi kuti mnzawo akhale munthu.

Ndinakoka jekete la Efren, koma anali ataimirira kale, nkhope ikuwala.

"Bambo Kwock, ine mafilimu amenewa ndawaonera kambirimbiri. Anthu amati katswiri ndi Bly, koma ine ndimati katswiri ndi Sammy Low. Ndipo lero ndili ndi mwayi womuthokoza pamaso. Bambo, palibe amagwa ngati inu."

Anawomba m'manja yekha. M'chipindamo munangoti zii, kupatula nyimbo yomalizira filimu. Lorraine anali akadali chiweramire. Anadzuka pang'onopang'ono, nayang'ana TV, nayang'ana bambo ake, mabanzi n'kuyamba kugwa kuchoka m'mbale limodzilimodzi.

Bambo Kwock anapukuta pakamwa ndi kansalu, nakapinda bwinobwino. Anaimirira, nazungulira tebulo mpaka pamene panali Efren. Kenako anamufulatira, nakweza jekete la suti kumbuyo, nawerama, manja pa mawondo.

"Malizani, mnyamata," anatero ndi mawu odekha. "Filimu imathera apa. Mwabwerera zimenezi."

"Bambo, ine sindinatanthauze..."

"Menyani. Mzungu uja ankabwereza kasanu ndi kamodzi kuti chithunzi chikome, ndipo nsapato zake zinali zolimba kuposa zanuzi. Ndinali ndi mayi odwala ndi azing'ono anga anayi. Menyani, mwana wanga waonetsa kale mbali yake."

Anakhala chiweramire choncho, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, pamaso pa fuko lake lonse. Mayi wina wokalamba anayamba kulira chapansipansi. Ine ndinagwira mlongo wanga pamkono n'kumukokera ku masitepe. Podutsa ndinaona Clifton akutola mabanzi pansi, akuwabwezera m'mbale mwaulemu, ngati mkamwini wabwino.

* * *

Lorraine anatipeza poimika magalimoto. Sankalira. Bola akanalira.

"Unadziwa liti?"

Efren anayamba kufotokoza za Clifton, za bokosi la tepi, za makutu. Iye anamudula.

"Sindikufunsa za Clifton. Clifton ndi njoka, ndinadziwa kalekale. Ndikufunsa iwe. Unadziwa liti?"

"Masabata angapo apitawo."

"Ndiye masiku onse aja ndinkayenda muja m'kachipinda, iwe ukuseka, unkadziwa kuti ndikunyoza bambo anga."

"Ndinkafuna udzadabwe, Lorraine. Ndinkaona ngati udzanyadira."

"Ndadabwa," anatero. "Ukudziwa chimene chikundinyansa? Ukanakhala woipa, ndikanadziwa chochita nawe. Koma iwe unamuyang'ana munthu akumenyedwa theche, nkhope yofanana ndi yanga, n'kuona luso. Ine ndinkaseka chifukwa zinkandipweteka. Iwe unkaseka chifukwa zinkakusangalatsa."

Ndinafuna kumuikira kumbuyo mlongo wanga, koma mtsikanayo sananame. Anabwerera m'kati osacheuka.

* * *

Efren anaimba foni mpaka chala chinatopa. Kunyumba kwa a Kwock ankangomva mawu ake n'kuika foni pansi. Anatumiza maluwa, anabwezedwa. Anapita yekha, naima pa geti dzuwa likuswa mtengo, ndipo azakhali ena anatuluka n'kumuthira madzi otsukira mbale kumapazi. Anasiya kudya. M'mawa uliwonse ankathamangira pa makina a foni, n'kupezamo makasitomala ofunsa ngati filimu yakutiyakuti yabwera.

Uthenga wa Lorraine unabwera kamodzi. Unali waufupi. Anati bambo ake salankhula naye, samuyang'ana, amadya atatembenukira kukhoma. Anati wawapepesa atagwada, ndipo iwo anangomufunsa kuti kayendedwe kaja anakaphunzira nthawi yaitali bwanji. Kenako kunamveka kupuma kwake kokha, mpaka makina anadula.

Efren anaumvera uthengawo mobwerezabwereza. Ine ndinapsa mtima n'kuzula waya. Ndinamuuza kuti apite akamuswe mano Clifton, aone ngati angadziike yekha ena. Anati sizingabweze kanthu. Ndimadana nazo akamanena zoona.

* * *

Bambo Kwock eni ake anabwera ku shopu Lachisanu lina masana, atavala suti yotuwa. Galimoto ya Clifton inaima kutsogolo, injini ikulira. Kumpando wakumbuyo kunali Lorraine, atayang'ana kutsogolo ngati munthu wa pa chithunzi.

Mkuluyo sanapereke moni. Anapita pa shelefu ya Bly, naima, akuwerenga maina a mafilimu limodzilimodzi. Efren anatuluka kuseri kwa kauntala. Anati matepi onsewo awachotsa, awatentha lero lomwe iwo akuona, ndipo ngati akufuna agwade, agwada.

"Asiyeni," anatero bambo Kwock. "Mukatentha anuwa, m'mashopu ena atsala. Ndinkaganiza kuti zinthu zimenezi zinaola m'nyumba zosungira katundu. Sindinadziwe kuti kudzabadwa anthu onga inu, ozikonda."

Anatembenuka, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati mwana wawo akwatiwa ndi Clifton Moy mwezi wa mawa. Anati sanamukakamize, anangomuuza kuti ndi njira yokhayo imene angadzamuyang'anenso kumaso, ndipo iye anavomera. Anati akudziwa bwino lomwe amene anapereka nzeru ya tepi ija, si mwana iwo. Koma Clifton anachita zimenezo podziwa kuti n'zochititsa manyazi, ndipo munthu wodziwa manyazi angathe kukhala naye m'banja. Amene sangakhale naye ndi munthu amene anaona zonse zija n'kuwomba m'manja.

Ine ndinati ngati mwatha, bambo, khomo ndi ilo.

"Sindinathe, mayi. Ndamva kuti muli ndi kamera, mumajambula maukwati a anthu."

Ndinati timajambula a anthu amene timawafuna.

"Ndikufuna mnyamatayu adzajambule uwu. Kuyambira m'mawa pomuveka, pothira tiyi kwa makolo a mwamuna atagwada, mpaka potuluka. Asadzaphonye kanthu. Amakonda kuonera munthu akugwa n'kudzuka akuseka, ndiye adzaonere pafupi."

Ndinawauza kuti ndi okalamba koma alibe chisoni, kuti zimene anawachita azungu aja asabwezere pa mwana wa eni, ndipo atuluke ndisanaiwale zaka zawo. Sanandiyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Efren.

"Si ine ndasankha," anatero. "Ndinamufunsa mkwatibwi chimene akufuna pa ukwati wake. Sanafune diresi, sanafune maluwa. Anangotchula dzina lanu."

Efren anayang'ana pa windo. Lorraine sanatembenuke, koma dzanja lake linali pa galasi la galimoto, zala zitatambasuka. Sindikudziwa ngati ankamuitana kapena ankamukankha, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso mlongo wanga sankadziwa.

"Efren," ndinatero, "ukavomera, usadzanditchulenso achemwali."

Efren anafunsa bambo Kwock, ndi mawu ang'ono ngati a mwana, kuti adzafike nthawi yanji.